Mutu wa Yobe Unalibe Bala

M'chigafa chachikulu cha pa esiteti ina ya fodya ku Simlemba munali munthu mmodzi amene mawu ake sankabwezedwa. Ameneyu anali a Mphepo, mkulu wa osankha fodya. Bamboyu anali ndi diso, tisanamizane. Tsamba ankangoliyang'ana kamodzi n'kudziwa mulu wake. Belo likadindidwa, sankalola kuti lisokedwe iwo asanapisemo dzanja mpaka m'chigongono, chifukwa fodya wodindidwa akadali ndi chinyontho amatentha n'kuola m'kati, kunja kuli kowala bwinobwino. Matenanti ankang'ung'udza akawamasulitsa belo lonse, koma ankadziwa kuti fodya wodutsa m'manja mwa a Mphepo sabwerera ku okushoni.

Loweruka likafika, a Mphepo ankavula ovolosi n'kuvala jekete yofiira. Tsiku limenelo anali dokotala wa timu ya mpira ya pa esitetipo, imene anthu ankaitcha Mikangala poti anyamata ake anali aatali ndi oonda ngati timitengo toyanikira fodya. Sinali timu yachibwana ayi. Inkasewera mu ligi ya chigawo chapakati, osewera ankalipidwa pamwezi, ndipo ambiri mpirawo ndiwo unali khasu lawo. Udokotalawo a Mphepo anautola pa maphunziro a masiku atatu a chithandizo choyamba, zaka khumi m'mbuyomo. M'chikwama mwawo munkakhala bandeji, thonje, sipiriti, mankhwala opaka otentha aja ndi panado, ndipo dzanja linalo linkanyamula chigubu cha madzi. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalinena mokweza kuti ndi ochemerera omwe amve: "Popanda magazi palibe bala. Mwamuna amathiridwa madzi n'kudzuka."

Mu timu imeneyi munali mphwawo, Yobe, mwana wa mlongo wawo mayi Lefina a ku Wimbe. Bambo ake a Yobe atamwalira, mayi Lefina anabwera naye pa esiteti n'kumusiya m'manja mwa a Mphepo ndi mawu ochepa: "Achimwene, mwini mbumba ndinu. Mwanayu ndi wanu." A Mphepo anamulera, anamugulira nsapato zake zoyamba za mpira, anamuimira pa ukwati wake ndi Faustina. Tsopano Yobe anali bambo wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wa mwana mmodzi, ndipo Kasungu yense ankamudziwa ndi mutu. Kona ikamenyedwa, anthu ankaimirira mpira usanafike, chifukwa Yobe akalumpha panalibe womufikira. Zaka zimenezo zinali za makuponi a fetereza, koma dzina la mayi Lefina linkadumphidwa pa kalembera chaka ndi chaka. Chimanga cha m'munda mwawo ku Wimbe chinkabiriwira chifukwa cha mutu wa Yobe womwewo.

Tsoka linabwera Loweruka lina mu Julaye, mphepo ya mwera ikuulutsa fumbi pabwalo. M'chigawo chachiwiri Yobe analumphira mpira limodzi ndi wotchinga kumbuyo wa timu ya alendo, mitu yawo n'kugundana. Phokoso lake linamveka mpaka kwa amayi ogulitsa nzimbe. Winayo anadzuka akupukuta magazi pachipumi. Yobe anagwa chagada, manja ali m'mwamba chouma, ndipo anakhala chomwecho kwa kanthawi.

A Mphepo anathamanga ndi chigubu chawo. Anamuthira madzi kumaso, iye n'kuphethira. Anamukhazika tsonga, anapatula tsitsi, anasisita chigaza chonse ndi zala ngati akufufuza tsamba. Panalibe magazi, panalibe chotupa, ngakhale kakang'ono.

"Uli bwino, mphwanga?"

"Ndili bwino, amalume."

Yobe anaimirira, anadzandira pang'ono, n'kuyamba kuthamangira ku golo la timu yake yomwe. Ochemerera anaseka. Mnzake wina anamugwira phewa n'kumutembenuza.

Mmodzi yekha ndiye sanaseke. Anali mayi Dorika, namwino wa pachipatala chaching'ono chapafupi, amene sankaphonya mpira wa Mikangala. Anadutsa chingwe chotchingira anthu n'kufika pamzere pamene a Mphepo anamukokera Yobe kuti amwe madzi.

"A Mphepo, musamubwezeremo. Tamufunsani kaye kuti tikusewera ndi ndani."

"Mafunso a kusukulu pabwalo la mpira?"

Mayi Dorika anafunsa okha. "Yobe, tikusewera ndi timu yanji? Chigawo chino n'chachingati?"

Yobe anawayang'ana ngati akuwaonera patali. Anatchula timu imene anasewera nayo mwezi wathawo. Za chigawo sanayankhe.

"Mwamva?" anatero mayi Dorika. "Ubongo wagwedezeka uwu. Atuluke, akakhale pamthunzi."

A Mphepo magazi anawira. Mayi kuwaphunzitsa ntchito pamaso pa bwalo lonse! "Anamwino, inu kwanu ndi kusikelo ya ana. Mutu ndauona ndi maso angawa, ndaugwira ndi manja angawa. Ulibe kanthu." Anamenya Yobe kumsana. "Lowa, mwamuna."

Yobe analowa. Ndipo onani mmene tsoka limadziwira kunyengerera: kutatsala mphindi zisanu, kona inamenyedwa, Yobe analumpha, mpira n'kugwedeza ukonde. Bwalo linaphulika. Ochemerera ananyamula Yobe, ena ananyamula a Mphepo amene, akuimba kuti dokotala ndi ameneyu. A Mphepo ali m'mwambamo anafunafuna mayi Dorika ndi maso kuti awaonetse mano, koma mayiwo anali atapita.

Pokwera lole ya esiteti yobwerera kunyumba, Yobe anawakoka jekete. "Amalume, tawina?"

"Iwe, wagoletsa ndiwe! Chimodzi kwa duu."

Yobe anamwetulira. Lole isanadutse ndi zigafa zomwe, anawakokanso. "Amalume, tawina?" Anzake anagwa nacho chiseko, poganiza kuti akuchita nthabwala. Potsika anapita kuseri kwa lole n'kusanza. A Mphepo anati ndi dzuwa ndi madzi a pachitsime.

Lachiwiri m'mawa Faustina anafika kuchigafa, mwana ali kumbuyo. Anagwada patali n'kudikira mpaka a Mphepo atamaliza kupisa dzanja m'belo limene linali patsogolo pawo.

"Amalume, kunyumba sikuli bwino. Mphwanu mutu sukumusiya kuyambira Loweruka. Akuti kuwala kukumulasa m'maso, watseka mawindo onse ndi zitenje. Wailesi imene amagona nayo ija, dzulo anaiponya panja. Mwana akangolira, akumukalipira, chimene sanachitepo. Ndikamutuma kanthu akufika pakhomo n'kuima, waiwala chimene watulukira."

"Watupa penapake?"

"Ayi."

"M'mphuno, m'makutu, mwatuluka magazi?"

"Yayi, amalume. Koma si iyeyo. Ine ndimagona naye nyumba imodzi, ndikumudziwa."

"Ndi malungo amenewo," anatero a Mphepo. Anatulutsa panado m'thumba, n'kumuuza kuti akagule mankhwala a malungo kugolosale. Faustina analandira ndi manja awiri. Pochoka sanapite kugolosale, anapita kwa mayi Dorika.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, mayi Dorika anaimika njinga yawo pakhomo pa chigafa. Ulendo uno sanakweze mawu. Anayankhula ngati munthu wodzapempha moto.

"A Mphepo, za Loweruka zija tiziiwale. Mwina ndinakuchititsani manyazi, pepani. Koma Yobe ndamuyeza magazi, malungo alibe. Ndamuuza aime ndi mwendo umodzi atatsinzina, wagwa. Ndamutchulira mawu asanu, patapita kanthawi wakumbuka awiri. Ubongo ndi wofewa, umayandama m'chigaza. Mutu ukagunda, iwo umamenyetseka kukhoma la chigazacho, ndipo khungu silinena kanthu. Mankhwala ake ndi kupuma. Asathamange, asamenye mpira, mpaka mutu utasiyiratu, ndipo apite kuchipatala cha boma akamuone madokotala. Choopsa kwambiri n'chakuti akagundanso asanachire, ngakhale pang'ono pokha, ubongo ukhoza kutupa. Pamenepo ine ndi inu sitidzatha kanthu."

A Mphepo anapitiriza kusanja masamba.

"Inu belo simulikhulupirira kunja," anapitiriza mayi Dorika. "Mumapisamo dzanja. Mutu wa munthu sungapisidwe dzanja, n'chifukwa chake timaufunsa mafunso. Ndinaufunsa, ndipo wayankha."

Mawu amenewa anawalasa a Mphepo, ndipo akanakhala masiku ena mwina akanagonja. Koma m'thumba la ovolosi yawo munali nkhani ina. Aphunzitsi a timu, a Nelson, anali atawauza m'mawa womwewo kuti Loweruka likubweralo kudzafika akuluakulu awiri a timu ina yaikulu ya ku Lilongwe. Ankadzaona munthu mmodzi yekha, Yobe. Anthu otere sabwera kawiri kufumbi la ku Simlemba. A Mphepo ankaona kale mphwawo atavala yunifolomu ya mumzinda, dzina lake likutchulidwa pa wailesi, mlongo wawo atasiya kuima m'mizere yopempha kuti amulembe. Kodi zonsezi zithe chifukwa cha mutu wopanda ndi chotupa chomwe?

"Ndamva, anamwino," anatero. "Ndimuyeza ndekha."

Anamuyezadi, Lachinayi, kuseri kwa nyumba ya Yobe. Koma abale, kuyeza kwake! Anatenga mpira, anaima mapazi khumi, n'kumauponya m'mwamba kuti Yobe aziubweza ndi mutu. Kwa a Mphepo nzeru yake inali yoongoka: ngati mutu uli ndi vuto, ulephera ntchito yake. Yobe anabweza koyamba, kachiwiri, mpaka kasanu, mpira uliwonse ukugwera m'manja mwa amalume ake. Faustina anaima pakhomo atagwira pakamwa.

"Ukumva bwanji?"

"Bwino, amalume." Yobe anali atagwira mtengo wa papaya ndi dzanja limodzi, maso akuthawa dzuwa. Anatsitsa mawu. "Musawauze a Nelson za mutuwu. Ndikapanda kusewera Loweruka, ndidzafera m'zigafa muno. Mukudziwa inunso."

A Mphepo anaona dzanja lija pamtengo. Anaona kuti thukuta limene linali pamphumi pa mphwawo silinali la kutopa. Diso limene silinkaphonya kadontho ka nkhungu patsamba silikanaphonya zimenezi. Koma anayang'ananso mutu uja, wosalala, wometedwa bwino, wopanda chilema, n'kusankha kukhulupirira umenewo.

Lachisanu a Nelson anawafunsa pamaso pa timu yonse. "Adokotala, munthu wathu ali bwanji? Mawu ndi anu. Mukati ayi, sindimulemba."

"Mulembeni," anatero a Mphepo. "Ali bwino kuposa ine ndi inu."

Loweruka bwalo linadzaza mpaka ana kukwera m'mitengo. Alendo a ku Lilongwe anapatsidwa mipando ya pulasitiki pansi pa tenti. Mayi Dorika anabwera, koma sanakhale pamalo pawo pa masiku onse. Anaima pafupi ndi lole ya esiteti, ndipo anapempha dalaivala kuti asapite patali. Faustina sanabwere.

Chigawo choyamba Yobe anasewera ngati munthu woyenda m'madzi. Mipira iwiri inamudutsa pamphumi, chinthu chimene anthu anali asanachionepo. Popuma anakhala pansi, thaulo lili kumutu. A Mphepo anagwada pambali pake. Funso la mayi Dorika lija linafika pamilomo pawo, lakuti tikusewera ndi ndani, koma analimeza. Ankaopa yankho lake. Anamupatsa mapanado awiri ndi madzi.

Chimene chinachitika m'chigawo chachiwiri sichinali choti munthu n'kuchisimba. Panalibe phokoso ngati la sabata yatha. Yobe analumphira mpira wa kona, goloboyi wa alendo anatuluka kuti awufumbate, chigongono chake n'kumukhudza Yobe pafupi ndi khutu. Oyimbira sanaimbe n'komwe wezulo. Yobe anatera ndi miyendo yake iwiri, anayenda mapazi angapo kulowera pakati pa bwalo, anaima, anakhala pansi bwinobwino ngati munthu wotopa ndi ulendo. Kenaka anagona cham'mbali.

A Mphepo anafika ndi chigubu. Anathira madzi. Anathiranso. Anakhuthula chigubu chonse, madzi n'kuyenderera pafumbi.

"Dzuka, mphwanga. Yobe! Alendo akukuona. Dzuka!"

Yobe ankapuma mokoka, ngati akuliza mkonono. Mayi Dorika anagwada osapempha chilolezo kwa munthu, anatsegula zikope zake ndi chala. Kamwana ka diso lakumanzere kanali katakula, kakuda bii, kosasuntha ngakhale dzuwa linkawombamo. Sananene mawu oti ndinakuuzani. Anangokuwa kuti anthu anayi amunyamule mosagwedeza khosi, ndipo lole ibwere msanga.

Anamugoneka pa ziguduli zokutira mabelo. Msewu wa ku Simlemba amaudziwa ndi amene anaudutsa ndi wodwala. A Mphepo anakhala pansi m'lolemo, mutu wa mphwawo uli pakati pa manja awo kuti usagunde chitsulo, ndipo njira yonse zala zawo zinkangofufuza m'tsitsi muja, kufuna bala loti alimange. Kuchipatala cha boma sanawasunge, anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Yobe analowa mumzinda umene ankaulota uja atagona mu ambulansi, osadziwa kanthu.

Madokotala anamuchita opaleshoni, n'kupulumutsa moyo. Patapita masiku atatu dokotala wina wa imvi anaitana a Mphepo ndi mayi Lefina, amene anali atafika kuchokera ku Wimbe ndi kathumba kamodzi.

"Kodi anagundapo mutu masiku apitawa, kusanachitike izi?"

A Mphepo anayang'ana pansi. "Loweruka linalo. Koma sanatuluke magazi, adokotala. Ndinayang'ana bwinobwino."

"Magazi analipo, bambo," anatero dokotalayo mofatsa. "Ankadontha m'kati, pang'onopang'ono, sabata yonse. Kugunda kwachiwiriku kunangomaliza. Akanabwera Lolemba, bwenzi tikukamba zina."

Mayi Lefina sanalire pamenepo. Anadikira mpaka atatuluka panja, pamene odikirira odwala amayanika zovala. Anatembenuka n'kuyang'ana mchimwene wawo kumaso, chinthu chimene sanachitepo chikulire.

"Achimwene, akuti namwino anakuuzani?"

"Anandiuza."

"Mpongozi wanga anakuuzani?"

"Anandiuza, mlongo wanga."

"Nanga ine ndikadandaule kwa yani? Mwana akalakwiridwa timathamangira kwa malume wake. Ndithamangire kuti ine?"



Mu Novembala, anthu ali piringupiringu m'mizere ya fetereza wa makuponi, a Mphepo anapalasa njinga kupita ku Wimbe, kumene Yobe anatengedwa atatuluka m'chipatala. Munda wa mayi Lefina unali wolimidwa theka. Faustina anali kumeneko ndi khasu, mwana ali kumbuyo. A Mphepo anamupeza Yobe pakhonde, atakhala pampando, atasamba, atavala malaya oyera. Anali atanenepa, khungu likuwala, tsitsi litamera n'kubisa chipsera cha opaleshoni. Amayi awiri odutsa ndi mitolo ya nkhuni anaima n'kupereka moni. "Koma ndiye wachira mwanayu! Taonani thupi. Chaka chamawa abwerera pabwalo ameneyu." Sanaone kuti dzanja lamanja linali litapindikira pachifuwa, ndi kuti mwendo wa mbali yomweyo umachita kukokedwa. Sanadziwe kuti Yobe amamuyang'ana mwana wake yemwe ngati wa eni.

Amalume ake okha ndiwo Yobe anawazindikira msanga. Nkhope yake inawala, milomo inavutika kwa kanthawi kusaka mawu.

"A... amalume. Tawina?"

A Mphepo anakhala pansi, pafumbi, pafupi ndi mapazi ake. "Tawina, mphwanga. Wagoletsa ndiwe."

Yobe anaseka mosangalala, n'kuyang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo. Nkhuku zisanafike ndi pankhokwe pomwe, anatembenukanso.

"Amalume, tawina?"

Jekete yofiira ija a Mphepo anaibweza kwa a Nelson pamodzi ndi chikwama, ndipo kubwalo la mpira sapondako. Kuchigafa akadali komweko. Matenanti amati masiku ano bamboyo akapisa dzanja m'belo amakhalitsa, nthawi zina mpaka wina achite kuwagwedeza, ndipo akalitulutsa amapukuta m'maso n'kunamizira fumbi la fodya. Mwezi uliwonse amapalasa njinga kupita ku Wimbe kukayankha funso limodzi lomwe lija, kakhumi kapena kuposa, kwa mnyamata wooneka bwino kuposa anyamata onse a m'mudzimo. Akuluakulu amene anaona zotere kalekale sananame pamene anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.